Buku, Foni Kapena Munthu: Chokutsogolerani Potsikira ku Chigwa cha Shire

Kuchokera ku Blantyre kukafika pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 basi, koma pa kamtunda kameneka galimoto imatsika kuchoka pamtunda wa mamita 1,000 kufika pa mamita pafupifupi 100. Mumanyamuka mutavala juzi, pofika pa Thabwa juziyo ili pampando wakumbuyo. Pamakona a chitunda, mapiri akangopatuka pang'ono, chigwa chonse chimaonekera pansipo: Shire akukhotakhota, minda ya nzimbe yobiriwira ngakhale m'chilimwe, utsi wa midzi, ndi mapiri a ku Mozambique chapatali. Msewu wa M1 umapitirira kudzera pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani ndi Nsanje mpaka pa chipata cha Marka. Munthu amene akufuna kuliona bwino dera limeneli, osati kungodutsa, ayenera kukhala ndi chomuuza pokhota, poima ndi pobwerera. Ena amagula buku la apaulendo, ena amadalira foni, ena amafunsa anthu. Zonsezi n'zothandiza, koma sizithandiza mofanana, ndipo m'chigwa muno kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'Malawi, chifukwa cha madzi.

Buku la apaulendo

Mabuku onena za kuyenda m'Malawi amene amapezeka kwambiri ndi a Chingerezi. Lodziwika ndi la kampani ya Bradt, lolembedwa ndi Philip Briggs, lomwe limanena za Malawi yekha ndipo lasindikizidwa kangapo. A Lonely Planet nawo analemba za dziko lino, koma analiphatikiza m'buku limodzi ndi Zambia ndi Mozambique, kotero masamba otsalira chigwa cha Shire ndi ochepa. Ngati mukusankha pakati pa awiriwa pa ulendo wa ku Chikwawa ndi Nsanje, tengani lonena za Malawi yekha.

Phindu la buku ndi lakuti limakuuzani chifukwa choimira pamalo. Popanda wokuuzani, mathithi a Kapichira ndi madzi ogwera pamiyala basi. Mukawerenga mumadziwa kuti apa ndi pamene David Livingstone analepherera kupitirira ndi sitima yake yapamadzi m'chaka cha 1859, ndi kuti kuchokera apa kukwera kumtunda Shire sayendeka ndi sitima kwa mtunda wautali. Mumadziwanso kuti chapafupi pali manda a Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anamwalira mu 1863, ndi kuti ku Chikwawa kuli manda a amishoni awiri a m'gulu loyamba la UMCA, mishoni ya mpingo wa Angilikani, Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson. Mafumu monga Kasisi, Mlilima, Maseya ndi Katunga ndi zidzukulu za Amakololo amene anabwera ndi Livingstone n'kukhazikika pakati pa Amang'anja. Nkhani zotere zimasintha ulendo. Mwana amene ali m'galimoto amaleka kufunsa kuti tifika nthawi yanji, amayamba kufunsa kuti sitimayo inali yaikulu bwanji.

Buku limakupatsaninso kukula kwa malo, zomwe zimathandiza kugawa masiku. Nkhalango ya nyama ya Majete ndi masikweya kilomita 700, ya Lengwe pafupifupi 900, pamene ya Mwabvi, kufupi ndi Bangula, ndi 135 okha. Buku silifuna netiweki, silitha batire, ndipo dzuwa la ku Ngabu silingalizimitse.

Koma buku limakalamba msanga kuno. Tengani Majete. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003, nyama zambiri zitatha ndi alenje ozembera. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, njovu zinabwera mu 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018, mimbulu mu 2021. Ndiye kuti buku la m'ma 1990 likuuzani kuti ku Majete kulibe choona, ndipo lidzakhala kuti linanena zoona pa nthawi yake. La mu 2010 silitchula mikango. Musanagule buku, makamaka logulitsidwa pamsika wa mabuku akale, tsegulani tsamba lachiwiri muone chaka chimene linasindikizidwa, kenaka muchotsepo chaka china chimodzi, chifukwa wolemba amayenda kaye, bukulo n'kutuluka pambuyo pake. Za mitengo ya malo ogona ndiye musaziwerenge n'komwe. Kwacha yasintha mphamvu kangapo chilembereni mabuku ambiri amene ali m'masitolo.

Chimene chimandiwawa ine pa mabuku amenewa ndi china. Analembera mlendo wochokera kunja, amene akufuna nyama, mbalame ndi bedi labwino. Chifukwa chake amalumpha kuchoka pa chipata cha nkhalango ina kukafika pa chipata cha ina, ngati pakati pakepo palibe anthu. Chonsecho pakatipo ndi pamene pali chigwa chenicheni: ng'ombe za ku Ngabu, minda ya thonje ndi mapira, masau oyanikidwa pamphasa nthawi yake ikakwana, makakana ndi milamba yowamba m'misika, valimba wa Asena, utse wa amayi a ku Nsanje. Mmalawi akatsatira buku lokha amayenda m'dziko lake lomwe ngati mlendo. Zimenezi siziyenera kutero.

Kwa amene amakonda mbiri, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi zolemba zambiri za chigwachi, kuphatikizapo magazini a bungwelo a zaka zambiri zapitazo. Zimenezi ndi zowerenga musananyamuke. Mapu a boma a ku dipatimenti ya Survey nawo ndi abwino poonetsa mapiri, mitsinje ndi madambo, koma ambiri anajambulidwa kale kwambiri, ndiye pa za misewu ndi milatho musawakhulupirire.

Foni

Pa msewu wa M1 foni imagwira ntchito yake bwino. Google Maps ikuuzani kuti pa Dyeratu mukhotere kumanja ngati mukupita ku boma la Chikwawa ndi ku Majete, ndipo ikuonetsani mtunda umene watsala kuti mufike pa Nchalo. Chofunika n'kutsitsiratu mapu a dera lonse muli ku Blantyre, pamene netiweki ili bwino, kuti muziwaona ngakhale bandulo itatha. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Maps.me amatenga mapu awo ku OpenStreetMap, ndipo popeza midzi yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje inajambulidwa pa mapu amenewa pokonzekera madzi osefukira, nthawi zina amaonetsa tinjira, masukulu ndi zipatala zing'onozing'ono zimene mapu ena alibe. Kukhala ndi onse awiri sikulemetsa. Kukhala ndi layini ya Airtel ndi ya TNM n'kwanzerunso, chifukwa pamene ina yafooka ina imatha kugwira.

Vuto la foni ndi lakuti imalankhula motsimikiza ngakhale pamene sikudziwa. Kwa iyo mzere pa mapu ndi msewu, kaya ndi wa phula, kaya ndi wa mchenga woti galimoto yaing'ono ititimira mpaka m'mimba. Imawerengera nthawi ngati mukuyenda nokha pamsewu, osadziwa za ngolo, njinga zonyamula makala, mbuzi, ndi mathirakitala a nzimbe a pa Nchalo. Choopsa kwambiri n'chakuti siidziwa zimene mtsinje wachita usiku wathawu. Njira ya pa Chiromo, imene inkalumikiza Bangula ndi tsidya la kum'mawa kwa Shire, inaduka ndi madzi mu 1997. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake yakale n'kudula ina cha ku Makhanga. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, anaononga mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, n'kugumula damu la Kapichira kotero kuti makina a magetsi a pamenepo, opereka mamegawati pafupifupi 130, anaima kwa chaka ndi miyezi. Mu Marichi 2023 kunabweranso namondwe wa Freddy. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'chigwa muno makhwawa ndi ochuluka: mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imakhala mchenga wokhawokha mu Seputembala, koma mvula ikagwa kumtunda imadzadza m'kanthawi kochepa ngakhale pamene inu muli kuli dzuwa.

Komanso foni imatentha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni yopachikidwa pagalasi lakutsogolo imazima yokha isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Iikeni pamthunzi.

Ntchito imene foni imaposa nayo zonse ndi kukufikitsani pa uthenga wa lero. Nthambi yoona za nyengo imalengeza za mvula yamphamvu ndi anamondwe, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amachenjeza za madzi osefukira, a Roads Authority amalengeza msewu ukaduka, ndipo zonsezi zimafika pa Facebook ndi pa wailesi. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, musatsike chitunda musanaone mauthenga amenewa. Imbaninso kumene mukukagona muwafunse za msewu. Nambala muitenge pa intaneti, osati m'buku.

Alonda ndi operekeza a m'nkhalango

Mukalowa m'nkhalango, buku ndi foni zonse zimachepa mphamvu. Ku Majete mungathe kuyendetsa galimoto yanu nokha, ndipo Amalawi amalipira ndalama yocheperapo pachipata poyerekeza ndi alendo akunja. Koma mukatenga woperekeza wa pomwepo mudzaona kusiyana. Amaimitsa galimoto pamalo poti inu simukuonapo kanthu, n'kuloza pansi: phazi la mkango pafumbi, m'mphepete mwake musanagumuke, kutanthauza kuti wadutsa m'mawa womwewo. Amatola ndowe ya njovu n'kuiswa ndi chala kuti muone ngati ikadali yonyowa m'kati. Amadziwa kuti madzulo njovu zimatsikira pati kukamwa mu Shire, ndi kuti kamsewu kopita ku mtsinje wa Mkulumadzi kali bwanji sabata imeneyo. Ambiri mwa iwo ndi ana a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, ndipo ndalama imene mwalipira imathandiza kuti nyamazo zikhale ndi phindu kwa eni dera.

Ku Lengwe, komwe kunakhala paki ya boma mu 1970, nkhani ndi nyala. Kuno ndi cha kumapeto kwenikweni kumpoto kwa dera limene nyama imeneyi imapezeka mwachilengedwe mu Africa. Nkhalango yake ndi yothithikana, ndiye kuyendayenda ndi galimoto sikuonetsa zambiri. Chofunika n'kukakhala chete m'kanyumba kobisalamo pafupi ndi dziwe, m'mamawa wa m'chilimwe, n'kudikira. Buku likuuzani kuti tinyumba timeneti tilipo, koma ndi mlonda yekha amene angakuuzeni dziwe limene lili ndi madzi mwezi umenewo. Ku Mwabvi ndiye musayerekeze kuloweratu nokha. Njira zake n'zovuta ndipo kukongola kwake kuli m'miyala ndi m'zigwembe za mtsinje zofika wapansi.

Kufooka kwa operekezawa n'kodziwikiratu: nzeru zawo zimathera pa mpanda wa nkhalango, ndipo amafuna ndalama yowonjezera pa bajeti.

Anthu a pamsewu

Njira yokongola kuposa zonse m'chigwachi, kwa ine, si M1. Ndi ya kutsidya la kum'mawa, imene imapatuka pa Thabwa musanawoloke mlatho wa Kamuzu, n'kuyenda m'tsinde mwa mapiri a Thyolo kudzera ku Livunzu ndi Masenjere mpaka ku Fatima ndi Makhanga. Kumanzere kuli mapiri, kumanja kuli minda ya mpunga, migwalangwa, milambe ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh. Livingstone analemba kuti anaona njovu 800 m'dambo limeneli. Lero mulibe njovu, koma muli mvuu, ng'ona ndi mbalame zosawerengeka, ndipo mu 2017 linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar, ndi mahekitala oposa 60,000. Mabuku amatchula mudzi wa Mchacha James ngati pokwerera bwato lolowa m'dambomo.

Njira imeneyi ndi imene buku ndi foni zimalephera kwambiri, chifukwa imadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri. Amene amaidziwa ndi madalaivala a maminibasi ndi malole, ndi anyamata a kabaza amene amaima pa Thabwa. Koma kufunsa kuli ndi luso lake. Mukati, "Achimwene, msewu wa ku Fatima uli bwino?" yankho lidzakhala lakuti, "Uli bwino, bwana, mudutsa." Sakukunamizani, iye wadutsa ndi njinga yamoto, ndipo pamene pavuta anyamata anamunyamulira. Komanso mwaulemu wathu munthu safuna kukhumudwitsa mlendo. Funsani zogwirika. "Mwachokerako lero kapena dzulo? Mwakumana ndi galimoto yaing'ono ngati iyi ikuchokera kumeneko? Pamtsinje madzi akulekeza pati, m'kakolo kapena m'mawondo? Pansi pake ndi mchenga kapena miyala?" Mukatero mumva zenizeni: "Aaa, iyi yokha ayi, bambo. Pali pena pakufunika yokwera." Funsani anthu awiri kapena atatu osiyana, ndipo mmodzi akhale woyendetsa galimoto ya matayala anayi. Apolisi a pa rodibuloko nawonso amamva za msewu tsiku lonse kuchokera kwa odutsa.

Moni ayambe. Kutsitsa galasi n'kufuula funso injini ikulira ndi mwano, ndipo yankho lake limakhala lachidule. Imani, tsikani, perekani moni kwa amayi kapena abambo amene mwawapeza, kenaka funsani. Kumunsi kwa Bangula anthu ambiri amalankhula Chisena, koma Chichewa amamva bwinobwino, ndipo "takhuta" wanu pothokoza amalandiridwa ndi nsangala.

Pa Mtayamoyo, pamene anthu amawolokera pakati pa Bangula ndi Makhanga chidukireni njira ya pa Chiromo, mudzaona nokha chifukwa chake mapu sakwanira. Mabwato amadzadza anthu, matumba a chimanga ndi njinga. Njinga yamoto amaikweza anthu atatu n'kuigoneka chopingasa, mwini wake atagwirira chiwongolero. Galimoto siiwoloka pamenepo. Amene wafika ku Makhanga poganiza kuti atulukira ku Bangula n'kubwerera pa M1 amayenera kubwerera njira yomwe anadzera, kapena kukwera mapiri kudzera ku Muona ndi Thekerani kukatulukira ku Thyolo. Njira ya ku Thekerani nayo ndi yokongola zedi, koma ifunseni kaye kwa amene atsika nayo tsiku lomwelo.

Polowa m'dambo, mwini bwato ndiye buku lanu. Amadziwa mipita ya m'mabango imene yatseguka chaka chimenecho, ndi maiwe amene mvuu zili ndi ana oti osayandikira. Gwirizanani mtengo ndi nthawi musanakwere, ndipo akati tibwerere, bwererani.

Pali malo enanso amene munthu safika ndi buku m'manja. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, kufupi ndi boma la Nsanje, ndi malo opatulika a Amang'anja, ndipo ali pa mndandanda wa malo amene Malawi anapereka ku UNESCO kuti aganiziridwe. Kumeneko mumadzera kwa mafumu ndi osunga kachisi, amene amakuuzani za kavalidwe, za nsalu yakuda ndi za kuvula nsapato, ndiponso ngati n'kotheka kulowa tsiku limenelo. Akakana, akana. Foni ingakufikitseni pamphepete pa nkhalango ya kachisiyo, koma chilolezo ilibe.

Anthu nawo ali ndi polekezera. Mtunda samauyeza ndi makilomita, ndiye "pafupi pompa" atha kukhala ola lathunthu. Za zaka ndi mbiri yakale ena amasakaniza. Ndipo wa kabaza wa pa Thabwa sadziwa za msewu wokwera ku Chididi m'mapiri a ku Nsanje; zimenezo mukafunsenso mukafika ku Nsanje.

Ulendo uti, chida chiti

Ngati ndi ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri wa ku Majete ndi Kapichira, werengani buku usiku musananyamuke, foni ikufikitseni pachipata, ndalama yotsalayo mulipire woperekeza. Pamenepa kugula buku latsopano lodula sikofunika. Lobwereka likwanira, bola mudziwe chaka chake.

Ngati mukutsata M1 mpaka ku Nsanje, makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre, foni ndi yokwanira pa njira, koma buku ndi limene lingakuuzeni kuti tauni imeneyi inkatchedwa Port Herald, kuti njanji yochokera kumeneko inafika ku Blantyre mu 1908, ndi kuti doko limene mukuliona m'mphepete mwa Shire linatsegulidwa mu 2010. Kumunsi kwake, pamene Shire amalowera m'Mozambique, ndi pamene pali malo otsika kwambiri m'Malawi monse, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Thirani mafuta okwanira pa Nchalo kapena pa Ngabu, osadikira kuti mukaone kutsogolo.

Ngati ndi kutsidya la kum'mawa, ku Elephant Marsh, ku Mwabvi kapena ku Chapananga, ikani munthu patsogolo, zina zonse pambuyo, ndipo pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino kwa amene ali ndi ana kapena okalamba chifukwa kutentha kumakhala kochepa. Seputembala ndi Okutobala ndi yabwino poona nyama, popeza udzu wauma ndipo zonse zimasonkhana pamadzi, koma dzuwa lake ndi losaseweretsa. Tengani madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza, neti ya udzudzu, ndi ndalama zapamanja, chifukwa mabanki ali m'matauni akuluakulu okha.

Chitunda cha pakati pa Blantyre ndi Thabwa chili ndi malamulo ake amene mabuku satchula kawirikawiri koma dalaivala aliyense wa minibasi amawadziwa. Potsika gwiritsani giya yaing'ono, musamangoponda mabuleki mpaka kununkha. Poima kuti mujambule zithunzi sankhani pamalo potakasuka, osati pakona. Pobwerera onani madzi a mu injini muli pa Dyeratu, ndipo nyamukani dzuwa likadalipo, chifukwa malole olemedwa ndi shuga amakwera pang'onopang'ono ndipo malo owapitirira ndi ochepa.